Bwato Siliima Pakati pa Shire

Aliyense amene anayendapo kuchokera ku Bangula, m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, kupita kutsidya ku Makhanga, akudziwa kuti pali malo pamene msewu umathera m'madzi. M'chaka cha 1997 madzi osefukira anakokolola chimulu cha dothi chimene chinkanyamula njanji ndi msewu pafupi ndi mlatho wa Chiromo, ndipo mtsinje wa Shire unadzitsegulira njira ina. Malowa amadziwika ndi dzina loti Mtayamoyo. Kwa zaka zambiri amalonda, odwala, alimi ndi ana a sukulu akhala akuwoloka pamenepa pa bwato, njinga ndi matumba a chimanga zili momwemo.

Munthu woyenda pamsewu akatopa amakhala pansi pa mtengo n'kupuma, ndipo akadzuka amapitiriza ulendo kuchokera pomwe anaimira paja. Wopalasa bwato alibe mwayi umenewu. Akangoika nkhafi pansi ali pakati pa mtsinje, bwato limapitirirabe kuyenda, koma tsopano likupita kumene madzi akufuna. Pamadzi oyenda palibe kuima.

Phunziro lathu la mwezi uno likuchokera m'kalata ya Paulo yopita kwa Afilipi. Tisanapitirire, titsegule Baibulo pa Afilipi 3 ndi kuwerenga ndime 4 mpaka 21, kenaka tiloweze pamtima ndime 13 ndi 14. Funso limene tikufuna kuliyankha ndi ili: kodi mkhristu amene anabatizidwa kale, amene amadziwa Sabata ndiponso akuphunzira pa koleji ya mpingo, watsala ndi ulendo wotani?

Munthu amene anati sanafike

Mpingo wa ku Filipi unayambira m'mbali mwa mtsinje. Machitidwe 16 amatiuza kuti tsiku la Sabata Paulo ndi anzake anatuluka kunja kwa mzinda kupita kumtsinje kumene anthu ankapempherera, ndipo kumeneko Lidiya, mayi wogulitsa nsalu zamtengo wapatali, analandira uthenga. Mumzinda womwewo Paulo ndi Sila anakwapulidwa ndi kuponyedwa m'ndende. Pamene ankalemba kalata imene tikuphunzirayi, Paulo anali m'ndende kachiwiri, patapita zaka zoposa 20 chikumanirane ndi Yesu panjira ya ku Damasiko. Anali atayambitsa mipingo m'mizinda yambiri, ndipo thupi lake linali ndi zipsera za ntchitoyo.

Munthu wotere tikanamumvetsa akananena kuti wakwanitsa. Koma pa ndime 12 akukana poyera kuti sanalandirebe chimene akuchifuna, ndipo sanafike pa ungwiro. Ngati mtumwi wa zipsera ankadziona kuti ali pakati pa mtsinje, ife a m'chaka choyamba kapena chachinayi tili pati?

Liwu lachigiriki limene Paulo anagwiritsa ntchito pofotokoza kulimbikira kwake ndi dioko, ndipo limatanthauza kulondola chinthu mwaliwiro, monga mlenje alondolera nyama. Liwu lomweli lili pa ndime 6, pamene akukamba za mmene ankazunzira mpingo. Mphamvu imene kale ankasakira nayo akhristu nyumba ndi nyumba ndi yomweyo imene tsopano akulondolera nayo Khristu. Yesu sanazimitse moto wa Saulo, anangoutembenuza. Izi zikutiuza kuti khama limene timaika pa mayeso, pa mpira kapena pa kabizinesi ka kuhositelo silinapatsidwe kwa ife pachabe. Funso ndi lakuti likuloza kuti.

Pa ndime 12 yomweyo pali dongosolo limene tisaliphonye. Paulo akuyesetsa kugwira mphotho chifukwa Khristu anayamba kumugwira iyeyo. Chipulumutso ndi mphatso, monga Aefeso 2:8, 9 aphunzitsira, ndipo palibe munthu amene angachigule ndi thukuta lake. Sitinasambire kuti tikalipeze bwato, Yesu ndiye anatitola m'madzi n'kutikweza. Kulimbikira kumene tikukamba m'phunziro lino ndi kwa munthu amene ali kale m'bwato, amene wapatsidwa nkhafi ndipo sakufuna kubwerera m'madzi momwe anatoledwa.

Kutengedwa ndi madzi sikupweteka

Kumpoto kwa Bangula kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, ndipo m'madzi ake mumamera namasupuni. Chomerachi sichilimbana ndi mtsinje. Chimayandama chili chobiriwira, nthawi zina chili ndi maluwa okongola, n'kumatsetsereka ndi madzi mwakachetechete mpaka kukakodwa m'bango kutali ndi kumene chinachokera. Wolemba kalata ya Ahebri anachenjeza za ngozi yofanana ndi imeneyi pa Ahebri 2:1. Liwu limene anasankha pamenepo ndi lonena za chinthu chotengedwa ndi madzi pang'onopang'ono mpaka kupitirira doko.

Achinyamata ambiri amene amasiya chikhulupiriro sakhala ndi tsiku limene anaganiza kuti lero ndamusiya Yesu. Zimayamba ndi pemphero la m'mawa limene lafupikitsidwa chifukwa cha mayeso. Kenaka kabuku ka Sukulu ya Sabata kamatsegulidwa Loweruka m'mawa pokha. Dzuwa la Lachisanu limalowa munthu ali pa manotsi, akudziuza kuti ndi lero lokha. Palibe chimene chimapweteka, palibe amene amakuwa, ndipo bwato limaoneka ngati likadali pamalo ake chifukwa madzi onse olizungulira akuyenda nalo limodzi.

Pa koleji ya mpingo ngoziyi imabisala kwambiri. Belu la mapemphero limalira, kwaya imaimba, Sabata aliyense amavala bwino n'kupita kutchalitchi. Nkotheka kumaliza zaka zinayi utakwera bwato la anzako, wosagwirapo nkhafi ngakhale tsiku limodzi. Zimadzaoneka pa tchuthi, kapena pamene tatumizidwa kukayeserera ntchito ku chipatala kapena ku sukulu yakutali, kumene kulibe belu ndiponso kulibe wotifunsa kuti dzulo tinali kuti.

Baibulo limatchula munthu wina dzina lake Dema katatu. Pa Akolose 4:14 ndi pa Filemoni 24 ali pambali pa Paulo monga wantchito mnzake. Pa 2 Timoteo 4:10 wachoka, chifukwa mtima wake unakopeka ndi za dziko lino. Sitiuzidwa kuti anakana Yesu pagulu kapena kuti anachita tchimo lochititsa manyazi. Munthu wogwira ntchito limodzi ndi mtumwi anatengedwa ndi madzi. Choncho kukhala pafupi ndi anthu opemphera n'kwabwino, koma sikulowa m'malo mwa kupalasa.

Zoiwala ndi zosaiwala

Pa ndime 13 Paulo akunena kuti amaiwala zakumbuyo. Mawu awa ena amawamva molakwika, ngati kuti mkhristu ayenera kufufuta zonse zimene zinamuchitikira. Anthu a kwa Mbenje angatithandize kumvetsa bwino.

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira kwambiri moti boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo anthu oposa 200,000 anasowa pokhala. Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma okhudzidwa koposa, ndipo ku Bangula kunali msasa waukulu wa anthu othawa madzi. Mu Malichi 2019 kunagwa mvula yamphamvu ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 kunabwera Ana, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, amene anachotsa anthu oposa 600,000 m'nyumba zawo m'chigawo cha kumwera. Banja limodzi la m'chigwachi likhoza kukhala litataya nyumba, mbuzi ndi mbewu kangapo m'zaka zosakwana khumi.

Komabe madzi akaphwera, anthu amatsikira kumadimba ndi makasu. Amadzala chimanga, mbatata ndi nyemba m'dothi lachonde limene madzi omwewo asiya. Mlimi amadziwa kuti chinyontho sichidikira munthu. Akakhala pansi miyezi iwiri akulira mapira amene anakokoloka, nthaka iuma ndipo ataya zokolola ziwiri m'malo mwa chimodzi. Koma mlimi yemweyo saiwala pamene madzi anafika. Amakumbukira mtengo umene unamira mpaka m'nthambi, ndipo akapeza malo amamanga nyumba kumtunda, pakuti akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chisoni sachilola kuti chimugwire manja, koma phunziro amalisunga.

Kuiwala kwa Paulo n'kotero. Pa 1 Akorinto 15:9, 10 ndi pa 1 Timoteo 1:13-15 akukumbukira bwinobwino kuti anazunza mpingo, koma akukumbukira kuti atamande chisomo, osati kuti adzimange nacho. Pakati pathu pali wina amene analephera phunziro n'kubwereza chaka. Pali wina amene anagwa m'tchimo mpaka nkhani inafika kwa akulu a mpingo. Satana amafuna kuti munthu wotere akhale pansi pa bwinja la nyumba yake mpaka chinyontho chithe. Uthenga wa 1 Yohane 1:9 ndi wakuti tchimo lovomerezedwa limakhululukidwa. Tidzuke tidzale, koma tisamangenso pa khwawa lomwelo. Ngati tinagwa chifukwa cha gulu lina la anzathu, kapena malo ena, kapena chizolowezi china cha pa foni, pamenepo ndiye pamene madzi anafika, ndipo tisamuke.

Tikawerenga ndime 5 ndi 6 tiona kuti zambiri zimene Paulo anazisiya kumbuyo zinali zabwino: mtundu wake, maphunziro ake, mbiri yake yosunga malamulo. Kwa ife zimenezi ndi monga kubadwira m'banja la Chiadventist, kukhala mwana wa abusa, kuvala yunifolomu ya Master Guide kapena kutsogolera kwaya. Zonsezi n'zoyamika nazo Mulungu, koma zokolola za chaka chatha sizidzaza nkhokwe ya chaka chino. Pali mtundu winanso wa kuyang'ana kumbuyo umene Numeri 11:5 amaonetsa: Aisraeli ankakumbukira nsomba ndi nkhaka za ku Igupto, zikwapu ataziiwala. Moyo wakale umakoma ukamakumbukiridwa ndi munthu wotopa.

Mpingo wathu womwe unabadwa mwa anthu amene anaphunzira kuiwala kotereku. Pa 22 Okutobala 1844 okhulupirira zikwizikwi ku America anadikira kubwera kwa Yesu, ndipo sanabwere. Ambiri anasiya zonse. Kagulu kochepa kanabwerera ku Baibulo kukafufuza pamene anamva molakwa ulosi wa Danieli 8:14, ndipo mu 1863 mpingo wa Seventh-day Adventist unakhazikitsidwa. Iwo anasiya kumbuyo manyazi a tsiku lija, nasunga phunziro lake: mpingo wathu suika tsiku la kubwera kwa Ambuye, koma sunaleke kumuyembekezera.

Kuloza kumtunda kwa doko

Wopalasa wodziwa ntchito salunjikitsa bwato pa doko limene akufuna kukocheza. Amaliloza chakumtunda, kumene madzi akuchokera, chifukwa akudziwa kuti mtsinje umukankhira kumunsi ulendo wonse. Mlendo amaona ngati bwato lasokera, koma likafika tsidya linalo limakocheza pamalo oyenera. Amene amalunjika pa doko penipeni amakatsikira kumunsi, m'matope ndi m'bango momwe mumabisala ng'ona.

Pa moyo wauzimu, kulunjika pa doko ndi kufunsa kuti ndingachite zochepa bwanji kuti ndikapulumukebe. Ndi kufunsa kuti tingafike pati ndi chibwenzi tisanachimwe, kapena kuti kuonera pang'ono pa mayeso kuli ndi vuto lanji ngati aliyense akutero. Munthu wofunsa mafunso awa waiwala kuti madzi akumukankha kale. Paulo pa ndime 10 waloza pamwamba kwambiri: akufuna kumudziwa Khristu, mphamvu ya kuuka kwake, ngakhalenso kugawana naye masautso. Ahebri 12:2 amatiuza kuti maso athu akhale pa Yesu. Wopalasa amasankha mtengo umodzi kutsidya n'kumauyang'ana, chifukwa akamayang'ana madzi amachita chizungulire.

Danieli anali wophunzira monga ife. Anaikidwa pa maphunziro a zaka zitatu ku Babulo, kutali ndi makolo ndi kachisi, dzina lake litasinthidwa. Danieli 1:8 amaonetsa kuti anatsimikiza mumtima za chakudya cha mfumu nkhaniyo isanafike povuta, ndipo anapempha mwaulemu kwa womuyang'anira. Ifenso tsiku lina tidzaitanidwa ku mayeso a ntchito tsiku la Sabata, kapena bwana adzatipempha kusaina pepala limene tikudziwa kuti ndi labodza. Yankho la tsiku limenelo limakonzedwa panopa, tikadali pa koleji. Amene adzayambe kuganiza kalata ya ntchito ili kale m'manja, kunyumba akudikira thandizo, adzapeza kuti madzi ndi amphamvu kuposa mmene ankaganizira.

Mu Disembala 1844 mtsikana wa zaka 17, Ellen Harmon, amene pambuyo pake anadziwika kuti Ellen White, anaona masomphenya ake oyamba. Anaona okhulupirira akuyenda m'kanjira kopapatiza kopita ku mzinda wa Mulungu, kuwala kuli kumbuyo kwawo ndipo Yesu ali patsogolo. Amene maso awo anakhalabe pa Yesu anayenda bwino. Uthenga umenewu unaperekedwa kwa anthu okhumudwa kudzera mwa munthu wamng'ono kuposa ambiri a ife.

Katundu wochuluka amamiza bwato

Bwato lililonse lili ndi malire. Likadzaza kwambiri, m'mphepete mwake mumayandikira madzi, ndipo kafunde kakang'ono kapena munthu mmodzi wosuntha mwadzidzidzi n'kokwanira kuligubuduza. Ahebri 12:1 amatchula zinthu ziwiri zoyenera kuzitaya, tchimo ndi cholemetsa. Ziwirizi n'zosiyana. Cholemetsa chikhoza kukhala chinthu chimene malamulo khumi sachitchula, koma chikudya nthawi, ndalama ndi mtima.

Paulo polembera Akorinto anagwiritsa ntchito chitsanzo chimene ankachidziwa bwino. Pafupi ndi mzinda wawo pankachitika masewera aakulu zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba. Pa 1 Akorinto 9:24-27 akukumbutsa kuti othamangawo ankadziletsa pa zonse chifukwa cha nkhata imene imafota pa masiku ochepa. Ife timadziwa kudziletsa kotereku. Mayeso akayandikira timadzuka usiku, timakana maulendo, timazimitsa foni. Ngati digiri ya papepala imatichititsa zimenezi, moyo wosatha ungatichititse zotani?

Aliyense aunike katundu wake. Kwa wina ndi maola a usiku pa TikTok ndi WhatsApp amene amachititsa kuti m'mawa Baibulo lisatsegulidwe. Kwa wina ndi kubetcha pa mpira ndi ndalama ya fizi, kenaka katapila wobwezera ngongoleyo. Kwa wina ndi chibwenzi chimene chimafuna kuti Sabata ndi mapemphero zichepe. Kwa winanso ndi mkwiyo umene wausunga kwa wachibale kwa zaka zambiri. Pa Machitidwe 27:38, pamene ngalawa imene Paulo anakwera inali pa ngozi, anthu anataya tirigu m'nyanja. Tirigu ndi chakudya chabwino, koma tsiku limenelo kusunga tirigu kukanatayitsa anthu.

Palinso ntchito ina imene m'bwato siitha: kukapa madzi. Ngakhale bwato labwino limalowa madzi pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake mumakhala kachitini kapena chigubu chodula. Sadikira kuti madzi afike m'mawondo. Kulapa kwa tsiku ndi tsiku n'kotero. Dzuwa lisanalowe tikonze zimene zalakwika ndi Mulungu ndiponso ndi mnzathu wogona naye chipinda chimodzi.

Tiyenera kusiyanitsa katundu wosankha ndi katundu wogwera munthu. Wophunzira amene makolo ake anataya munda ndi madzi osefukira, amene akusowa fizi kapena akulera abale ake amasiye, sanasankhe zimenezo, ndipo phunziro lino silikumuimba mlandu. Kwa iye Yesu akupereka mpumulo pa Mateyu 11:28-30, ndipo kwa ife tonse Agalatiya 6:2 akutilamula kuti timuthandize kusenza.

Mphotho ili kutsidya

Kodi mphotho imene Paulo akuthamangira ndi chiyani? Ndime 11, 20 ndi 21 zikuyankha: kuuka kwa akufa, thupi losandulika, ndi Mpulumutsi amene adzachokera kumwamba kumene kuli kwathu kwenikweni. Anthu a ku Filipi ankanyadira kuti mzinda wawo unali pansi pa ulamuliro wa Roma mwapadera ndipo nzika zake zinali ndi ufulu wa Aroma, ngakhale ankakhala ku Makedoniya. Paulo akuwauza kuti ali ndi unzika woposa umenewo. Mphotho yaikulu ndi Yesu mwini, kukhala naye kosasiyananso.

Nthawi ya mphothoyi Baibulo silibisa. Pa 2 Timoteo 4:6-8 Paulo, imfa ili pafupi, akunena kuti korona wake wasungidwa mpaka tsiku la kuonekera kwa Ambuye, ndipo adzaperekedwanso kwa onse olakalaka tsikulo. Pa 1 Atesalonika 4:16, 17 akufa mwa Khristu akuuka ndi kutengedwa pamodzi ndi amoyo. Chivumbulutso 22:12 amati Yesu akubwera ndi mphotho. Choncho amene amalonjeza kuti wokhulupirira aliyense alemera chaka chino, kapena kuti matenda ndi madzi osefukira sizifika pakhomo pa munthu wopemphera, akulonjeza zimene Paulo wa m'ndende sanalonjeze.

Mtsinje womwewu uli ndi mboni zake. Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican anafika kuno mu 1861 n'kuyamba ntchito ku Magomero. Akutsika ndi mtsinje kuti akakumane ndi David Livingstone, bwato lake linagubuduka ndipo mankhwala anatayika. Anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ku Chiromo, ali ndi zaka 36. Mu 1893 kunafika George James, amene anaphunzira pa koleji ya mpingo wathu ku Battle Creek ndipo anali katswiri woimba vayolini. Analipira yekha ulendo wake, nakhala Mwadventist woyamba kulalikira m'dziko lino. Mu 1894, atamva kuti amishonale anzake afika ku Solusi, ananyamuka kukakumana nawo, koma anadwala malungo n'kumwalira ali pa sitima ya pamtsinje. Anaikidwa m'mbali mwa madzi, m'manda opanda chizindikiro.

George James sanaone tchalitchi ngakhale chimodzi cha Adventist m'Malawi. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu 1902, mpingo unagula malo a Plainfield ku Thyolo, amene pambuyo pake anatchedwa Malamulo, ndipo Thomas Branch ndi banja lake anayamba ntchito kumeneko. Lero tili ndi mipingo, sukulu, zipatala ndi koleji zimene iye sanaziganizire n'komwe. Poyeza ndi muyeso wa dziko, munthuyu analephera. Ahebri 11:39, 40 amaphunzitsa kuti anthu achikhulupiriro akale sanalandire lonjezo, chifukwa Mulungu anakonza kuti iwo ndi ife tidzalandire limodzi. Manda amene anthu sakuwadziwa, Mulungu akuwadziwa.

Ena amati kuganizira za kumwamba kumachititsa munthu kunyalanyaza mavuto a pansi pano. Mbiri ya Malamulo ikutsutsa zimenezi, pakuti anthu oyembekezera kubwera kwa Yesu ndi omwewo amene anatsegula sukulu ndi chipatala. Ena a ife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa ku Sorgin, ku Bangula kapena ku Tengani, kumene kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumathawitsa anthu ambiri a kumapiri. Namwino kapena mphunzitsi amene mphotho yake yonse ndi malipiro a pamwezi adzayamba kulemba kalata yopempha kusamutsidwa asanamasule n'komwe katundu. Amene akudziwa kuti Ambuye amawerengera ngakhale chikho cha madzi ozizira, monga pa Mateyu 10:42, ali ndi chifukwa chokhalira ndi kugwira ntchito mokhulupirika. Ndipo kwa anthu amene mtsinje wawalanda abale ndi minda, Chivumbulutso 22:1, 2 ali ndi uthenga wapadera: mu mzinda wa Mulungu mulinso mtsinje, koma ndi wa madzi a moyo, ndipo m'mbali mwake muli mtengo wobala zipatso mwezi uliwonse.

Sitiwoloka tokha

M'bwato anthu onse amakhala ndi tsogolo limodzi. Mmodzi akaimirira mosasamala, onse ali pa ngozi, ndipo wina akamakapa madzi, onse apindula. Mpikisano wa ku Korinto unali ndi wopambana mmodzi, koma pa ulendo wachikhristu kufika kwa mnzathu sikuchepetsa mphotho yathu. Pa ndime 17 Paulo akupempha Afilipi kuti aziyang'ana anthu oyenda bwino ndi kuwatsanzira, ndipo Ahebri 10:24, 25 amatilangiza kuti tisaleke kusonkhana ndi kulimbikitsana pamene tsikulo likuyandikira.

Pa hositelo timadziwana. Timadziwa amene wasiya kubwera ku mapemphero a Lachitatu, amene sakudya chifukwa ndalama zatha, amene wakhala chete chichokereni ku tchuthi. Kumukamba kumbali n'kosavuta. Chofunika ndi kugogoda pa chitseko chake. Kuthamanga si kufika, anatero akuluakulu, ndipo wofulumira amene wasiya mbale wake m'madzi sanamvetse mtima wa Iye amene anatitola tonse.

Mafunso okambirana

1. Pa Afilipi 3:12, n'chifukwa chiyani kuli kofunika kudziwa kuti Khristu ndiye anayamba kugwira Paulo? Chimasintha n'chiyani pa kulimbikira kwathu tikaiwala zimenezi?

2. Ndi zizindikiro ziti zoyambirira zimene zimaonetsa kuti wophunzira wayamba kutengedwa ndi madzi, ngakhale akupezekabe ku mapemphero onse?

3. Mlimi wa kwa Mbenje amasiya chisoni koma amasunga phunziro. Tingamuthandize bwanji mnzathu amene anagwa kuti achite chimodzimodzi, popanda kupeputsa tchimo kapena kumutaya mtima?

4. Ndi ziganizo ziti za Sabata, ndalama ndi banja zimene tiyenera kumanga tisanamalize maphunziro?

5. Tingamuyankhe bwanji munthu amene akuti George James anataya moyo wake pachabe?

Zochita sabata ino

Aliyense alembe papepala chinthu chimodzi chakumbuyo chimene akuchipereka kwa Yesu, ndi katundu mmodzi amene akumutsitsa m'bwato. Asankhe nthawi yokhazikika ya Baibulo ndi pemphero tsiku lililonse, ngakhale mphindi 15, foni ili pambali. Kenaka apeze mnzake mmodzi amene wafooka, apemphere naye, ndipo Sabata likubwerali apite naye limodzi ku Sukulu ya Sabata.